Njinga yamoto ikukana kulira m'mawa wa Juni ku Harare

Funso

Ndimakhala ku Mufakose ndipo ntchito yanga ndi yoperekera katundu m'tauni pa njinga yamoto ya 150cc, ya kabureta. Ndinaigula zaka ziwiri zapitazo. Chiyambireni kuzizira, m'mawa uliwonse ndi nkhondo. Ndikadina sitata imazungulira mwaulesi, kenaka n'kumangomveka kuti tche tche. Kiki ndimamenya mpaka thukuta, osalira. Imalira ana akandikankha pamsewu, ndipo ikalira ndiyenera kugwirabe moto, ndikangosiya imazima. Koma masana dzuwa likatentha, kungogusa batani yalira. Pulagi ndasintha kawiri. Makaniko wina akuti ndigule kabureta yatsopano, wina akuti ndi CDI, kabokosi kamene kamatumiza moto ku pulagi. Mkulu wanga amene ali ku Edmonton, ku Canada, akuti kumeneko snowmobile ikakana amapopera mankhwala oyatsira injini, ndipo batire amagona nayo m'nyumba, ndiye nane nditero. Njingayi imagona pakhonde, ili ndi tracker komanso potchajira foni. Ndithandizeni ndisanawononge ndalama.

Wowerenga wa ku Mufakose

Yankho

Achimwene, mwachita bwino kulemba zonse mmene zikuchitikira, chifukwa m'kalata yanuyi muli kale theka la yankho. Ndalama zanuzo zisungeni kaye. Kabureta musagule, CDI musagule. Njinga imene masana imalira ndi kugusa kumodzi ndiye kuti moto ulipo, mafuta akufika, ndipo CDI ikugwira ntchito yake. Ndipotu CDI ikayamba kufa, kawirikawiri imavuta injini ikatentha: njinga imazima muli pa ulendo, n'kudzalira itapumako. Zanuzi n'zosiyana ndi zimenezo. Ine ndikukayikira zinthu zitatu zimene zakumana pamodzi: batire yotopa, jeti yaing'ono ya mu kabureta imene yayamba kutsekeka, ndi matapeti othina, kutanthauza kuti kampata ka pa mavavu, tizitseko ta mpweya ta mu injini, kachepa. Mu Okutobala njinga ikanapirira nazo zonsezi inu osadziwa kanthu. Kuzizira kwangoziika poyera.

Injini siyaka ndi petulo wamadzimadzi. Chimene pulagi imayatsa ndi nthunzi ya petulo yosakanikirana ndi mpweya. Harare ali pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, n'chifukwa chake mu Juni ndi Julayi mbandakucha kumazizira kufika madigiri 7, masiku ena kutsikirapo. Ndiponso mzinda suzizira mofanana. Mpweya wozizira ndi wolemera, usiku umatsetserekera kumadambo, moti nyumba zoyandikana ndi mtsinje wa Marimba kwanuko, kapena za m'mbali mwa Mukuvisi, zimadzuka udzu utayera ndi chisanu pamene a kumtunda sanachione n'komwe. Njinga yogona pakhonde pamalo otere imazizira mpaka mkati mwa chitsulo. Petulo akatuluka mu kabureta n'kugunda makoma ozizira a paipi ndi a silinda, amabwerera kukhala timadontho, monga imachitira nthunzi pa chivundikiro cha poto. Amene amafika pa pulagi adakali nthunzi ndi wochepa kwambiri. Pa nthawi yomweyo oyilo walimba, injini ikulemera kuzungulira, batire nayo mphamvu zachepa.

Akulu anu a ku Edmonton sakunama, koma akunena za dziko lina. Kwa amene sanaionepo, snowmobile ndi njinga yamoto yoyenda pa chipale chofewa, kutsogolo ili ndi zotsetserekera ziwiri, kumbuyo ili ndi lamba wamano m'malo mwa tayala. Yotchuka ija ya Ski-Doo inayamba kupangidwa mu 1959 ndi kampani ya Joseph-Armand Bombardier ku Valcourt, m'chigawo cha Quebec. Ku Edmonton kumazizira mpaka madigiri 20 kapena 30 kunsi kwa ziro. Pa kuzizira kotero kadontho ka madzi m'paipi ya mafuta kamaundana n'kutseka njira, ndipo batire imatsala ndi mphamvu zosakwana theka. Ngakhale petulo amene amagulitsa kumeneko m'nyengo yozizira amamukonza mwapadera kuti asanduke nthunzi msanga. Ife kuno sitifika pamenepo. Njinga yabwinobwino iyenera kulira pa madigiri 5 ndi choke yokha, kachipangizo ka pa kabureta kamene kamachulukitsa mafuta poliza.

Mankhwala opoperawo ndikukuletsani ndithu. Amayaka msanga kuposa petulo, nthawi zina pisitoni isanafike pamwamba, ndiye amaimenya ikadakwera. Alibe oyilo, ndipo amatsuka oyilo wochepa amene anatsala pa khoma la silinda usiku. Ma snowmobile ambiri ndi a two-stroke, injini zimene oyilo wake amalowa pamodzi ndi mafuta, ndiye ngakhale kumeneko mankhwalawa amaperepesa injini akamagwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku. Choipitsitsa n'chakuti njinga idzalira, inu n'kuganiza kuti vuto latha, pamene matapeti akupitiriza kuthina. Za kugoneka batire m'nyumba, chitani usiku umodzi ngati njira yoyesera. Ikazungulira sitata mwamphamvu itagona kofunda, mwadziwa kuti yatopa. Batire yamoyo sifuna bulangete pa kuzizira kwa Harare.

Tiyambe ndi batireyo, poti ndiyo yosavuta kuyesa. Pezani multimeter, mita yoyezera magetsi, ngakhale yotchipa ya m'mashopu a zitsulo za galimoto mu Kaguvi Street kapena ku Magaba. Muyeze m'mawa musanagwire china chilichonse, kiyi ili yozimitsa. Batire yodzadza imaonetsa mavolti 12.6 kapena kuposerapo pang'ono. Ikaonetsa 12.2 ndiye kuti ili pa theka, ikatsika kunsi kwa 12.0 yatsala pang'ono kutheratu. Koma nambala imeneyi payokha imanyenga, chifukwa batire yokalamba imatha kuonetsa 12.5 ili phee, n'kugwa ikangopatsidwa ntchito. Choncho siyani mawaya a mita pa mitu ya batire, wina adine sitata, inu maso pa nambala. Isatsike kwambiri kunsi kwa 10. Mukaona 8 kapena 7, batire yatha. Phokoso la tche tche lija ndi solenoid: imatseka kuti ipereke magetsi ku sitata, magetsi n'kugwa, iyo n'kutseguka, magetsi n'kukwera, n'kutsekanso. Pa madigiri 0 batire imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake yozungulitsira injini. Yatsopano imapirira, ya zaka ziwiri pa ntchito ngati yanuyi siipirira.

Musanaiweruze, masulani mitu yonse iwiri, kuyamba ndi wa negative. Mukapeza ufa woyera kapena wobiriwira, palani mpaka chitsulo chiwale, mumange molimba. Tsatiraninso waya wakuda wonenepa mpaka pamene wamangidwa pa fulemu kapena pa injini, chifukwa dzimbiri la pamenepo limachititsa batire yabwino kuoneka ngati yakufa. Kenaka njinga ikalira, ipatseni moto pang'ono muyezenso. Muyenera kuona pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikakhala kunsi kwa 13, njinga sikutchaja, ndipo batire yatsopano idzafanso pasanathe milungu ingapo. Pamenepo woyenera kuyezedwa ndi rectifier, kabokosi kamene kamakonza magetsi opita ku batire, ndi makoyilo a mu magineto, momwe magetsiwo amapangidwa. Ikapitirira 15, ikuphika batire.

Tracker ndi potchajira foni mwazitchula mongodutsa, koma ine ndaimapo. Batire ya njinga ngati yanu kawirikawiri ndi ya 7Ah (Ah ndi muyeso wa kukula kwa batire) kapena kuchepera apo, kanthu kakang'ono kwambiri poyerekeza ndi ya galimoto. Amene amaika zipangizozi ambiri amangolumikiza mwachindunji ku batire, ndiye zimayamwa usiku wonse ngakhale foni palibe. Ntchito yanunso ndi ya maulendo afupiafupi: kuliza, kuyenda misewu itatu, kuzimitsa, kulizanso. Sitata imatenga zambiri kuposa zimene injini imabwezera pa kamtunda kotero. Yesani chonchi. Usiku wina chotsani waya wa negative, m'mawa muyeze. Usiku wotsatira musiye zonse zolumikiza, muyezenso. Kusiyana kukakhala kwakukulu, mwapeza chimene chikudya batire. Potchajira foni alumikize ku waya amene amakhala ndi magetsi pokhapokha kiyi itayatsidwa. Tracker musaichotse nokha, makamaka ngati ndi ya abwana anu, koma amene anaiika ayeze kuti ikukoka zochuluka bwanji. Potchaja batire, musaipereke pa tchaja yothamanga ya galimoto. Lamulo lake ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwa batire, ndiye ya 7Ah imafuna 0.7A, pang'onopang'ono. Ngati ndi ya madzi, muziwonjezera madzi a batire okha, osati asidi, osati a pachitsime.

Tsopano mungandifunse kuti, nanga ngati vuto ndi batire, kiki ikukaniranji? Funso labwino. Njinga zina CDI yake imadya magetsi a batire, ndiye batire ikafooka moto wa pa pulagi umafookanso. Zina CDI imadya magetsi ochokera mu magineto, ndipo zimenezi zimalira ndi kiki ngakhale batire mutaichotsa. Zambiri za mtundu wa CG, zotengera injini ya Honda CG, zimene zadzadza m'misewu yathu ndi za gulu lachiwirili. Ndiye ngati yanu ili m'gulu limeneli, kukana kwa kiki kukutanthauza kuti pali vuto lina pambali pa batire. Pulagi ndiyo ikuuzani koyang'ana. M'mawa ikakana, mutamenya kiki kangapo choke ili yotseka, masulani pulagi muione kunsonga. Ikatuluka youma, mafuta sakufika. Ikatuluka yonyowa, ikununkha petulo, mafuta afika koma sakuyaka, ndiye nkhani ndi ya moto kapena ya kompuleshoni (mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya), kapena mwaikhutitsa mafuta.

Choke imasokoneza anthu ambiri, ngakhale amene akwera njinga zaka. Pa makabureta ambiri a njinga zimenezi pali kachitsulo kokhala ndi malo atatu, ndipo zolemba zake zimafufutika msanga. Musadalire kukumbukira. Chotsani paipi ya rabala yochokera ku fyuluta ya mpweya, musuzumire m'kamwa mwa kabureta uku mukusuntha kachitsuloko. Mudzaona kambale kakutseka ndi kutsegula njira ya mpweya. Pamene katseka ndi pamene pali choke ya m'mawa. Onetsetsani kuti kakutseka mpaka kumapeto. Makabureta ena alibe kambale, ali ndi kapisitoni kamene kamatsegula njira yapadera ya mafuta mukakoka chingwe. Pa mtundu umenewu mukapotokola moto poliza, mwaononga ntchito ya choke, chifukwa mphamvu yoyamwa mafuta m'kanjirako imatha. Dzanja lamanja lizikhala chete.

Mawu anu akuti "ndikangosiya moto imazima" ndi amene akundilozera ku jeti yaing'ono, imene amakaniko amati pilot jet. Mu kabureta muli majeti awiri. Yaikulu imagwira ntchito mukamathamanga. Yaing'ono ndiyo imadyetsa injini poliza ndi pamene ikungolira yokha mutaima. Bowo lake silifika ngakhale theka la milimita, moti kachitsotso kosaoneka ndi maso kamakwanira kulichepetsa. Masana injini yotentha imakhutira ndi tochepa timene tikudutsa. M'mawa, pamene ikufuna mafuta ochuluka, imagona ndi njala. Mukapotokola moto mumakhala mukuithawitsira ku njira ya jeti yaikulu, n'chifukwa chake imalira mukagwira, n'kuzima mukasiya.

Apa mpamene petulo wathu akulowera. Kuyambira 2013 petulo wa m'Zimbabwe amasakanizidwa ndi ethanol mwalamulo, wambiri wochokera ku nzimbe za ku Chisumbanje. Mlingo wake umasinthasintha malinga ndi zimene bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi la ZERA lalengeza, ndipo umafika pa E20, kutanthauza magawo 20 pa 100. Kawirikawiri umakwera m'miyezi yodula nzimbe, imene ndi yomweyi yozizira. Sindikunena kuti mafutawa ndi oipa. E20 watsopano amaliza njinga bwinobwino pa madigiri 7. Koma ali ndi makhalidwe amene muyenera kuwadziwa. Petulo weniweni amafuna magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta, poyeza kulemera, pamene ethanol amafuna pafupifupi 9 okha. Ndiye bowo lomwelo la jeti likamadutsitsa E20, injini imalandira chakudya chochepako. Mukamathamanga simumva kwenikweni, chifukwa mpweya wa pamtunda ngati Harare ndi wopepuka, ndipo ziwirizi zimakhala ngati zikulipirana. Koma jeti ikachepa kale ndi litsiro, kusiyana kwakung'onoko kumaoneka m'mawa. Ethanol amakokanso chinyezi. Thanki yogona theka usiku wozizira imachita mame mkati, madziwo n'kusakanikirana ndi ethanol. Akachuluka amapatukana ndi petulo n'kukhala pansi, pomwe pali kampopi, ndipo mu kabureta amasiya ufa woyera umene umatseka majeti.

Kuti muone ndi maso anu, tsekani kampopi ka mafuta, ikani botolo loyera pansi pa kapaipi kotayira, mumasule sikuluwu ya pansi pa kakapu ka kabureta. Siyani botololo likhale kanthawi. Mukaona mzere, pansi pali madzi otuwa pamwamba petulo, kapena tinyenyeswa tofiira ta dzimbiri, thanki yonse iyenera kukhuthulidwa, ndipo muikepo kafyuluta pa paipi ya mafuta. Chitani izi panja, kutali ndi moto ndi ndudu. Kenaka masulani kakapuko. Jeti yaing'ono ndi yowonda, yobisala m'kabowo pambali pa yaikulu. Sikuludilaiva ikhale yokwana bwino, chifukwa jeti ndi ya mkuwa, imaphwanyika mutu msanga. Mukaichotsa ilozetseni kudzuwa. Muyenera kuona kadontho ka kuwala kozungulira bwino, ndipo timabowo ta m'mbali tikhale totseguka tonse. Itsukeni ndi mankhwala otsukira kabureta, muuzire ndi mpweya wa pampu. Singano kapena waya wachitsulo ayi, zimakulitsa bowo ndipo njinga imayamba kumwa mafuta mpaka kalekale. Ngati kachitsotso kakanirira, kaulusi kamodzi ka burashi ya pulasitiki kamakwanira. Poperani mankhwala m'kanjira kamene jetiyo imakhala, muone kuti akutulukira kukhosi kwa kabureta, chifukwa nthawi zina jeti imayera koma kanjira kali kotseka.

Pali sikuluwu ina yosinthira kasakanizidwe ka mafuta ndi mpweya injini ikamalira yokha. Musanaimasule, ilowetseni modekha mpaka igunde, uku mukuwerenga kuti yazungulira kangati, kuti mudzaibwezere pomwepo. Pa njinga zambiri imakhala pakati pa kamodzi ndi theka ndi kawiri ndi theka. Ikakhala mbali ya injini, kuitulutsa kumawonjezera mafuta. Ikakhala mbali ya fyuluta, kuilowetsa ndiko kumawonjezera. Muisinthe injini itatentha, pang'onopang'ono, ndipo injini izilira yokha ikuzungulira maulendo 1,400 kapena 1,500 pa mphindi. Yang'ananinso rabala yolumikiza kabureta ku injini. Ipindeni ndi chala. Ikakhala ndi ming'alu, ikuyamwa mpweya wakuba, ndipo m'mawa rabala ikauma ndi kuzizira ming'aluyo imayasama kwambiri.

N'chifukwa chake ndikukana zogula kabureta. Mu kabureta mulibe zambiri zimene zimatha pa zaka ziwiri. Yotchipa ya pamsika imabwera ndi majeti amene simukudziwa kukula kwake, ndipo mudzayamba kulimbana ndi vuto latsopano lakale lisanathe.

Tsopano matapeti, chinthu chimene ambiri amachiiwala chifukwa sichichita phokoso. Okwera njinga ambiri amaganiza kuti injini yachete ndiyo yabwino, moti ena amauza makaniko kuti athinitse matapeti kuti kaphokoso ka tiki tiki kathe. Kumeneko n'kulakwitsa. Pakati pa rocker, kachitsulo kamene kamakankha vavu, ndi mutu wa vavu payenera kukhala kampata, kuti vavu izikhala pansi n'kutseka kotheratu. Injini ikamayenda makilomita ambiri, vavu imadya pokhalira pake n'kumalowa mkati, kampata kaja n'kumachepa mpaka kutha. Kakatha, vavu imatsala yotsegula pang'ono pokha, ndipo pisitoni ikamapanikiza, mpweya umathawira pamenepo. Kiki ndi sitata yofooka zimazungulitsa injini pang'onopang'ono, mpweya n'kupeza nthawi yothawa. Ana akakukankhani muli m'giya, injini imazungulira mwaliwiro, mpweya n'kusowa nthawi yothawira, njinga n'kulira. Zimene mwalembazo zikugwirizana ndendende ndi zimenezi. Dziyeseni nokha: pondani kiki pang'onopang'ono ndi phazi. Payenera kufika pamalo pamene ikulimba, ikukankha phazi lanu. Ikatsika wofuwofu mpaka pansi, kompuleshoni ikuthawa.

Kuseta matapeti ndi ntchito yosafika ola limodzi, koma injini iyenera kukhala yozizira kwenikweni, ndiye njinga igone kugalaja kapena makaniko abwere m'mawa. Amene akufuna kuseta mutangofika kuchokera m'tauni, muuzeni adikire. Atsegule chivundikiro cha pamwamba, azungulitse magineto mpaka chilembo T chifike pa mzere wake, pa nthawi imene ma rocker onse awiri ali omasuka. Akapeza kuti ndi olimba, azungulitsenso kamodzi kathunthu ayesenso. Ngati ali olimbabe, ndiye kuti ndi othinadi. Kampata amayeza ndi feeler gauge, osati ndi khutu kapena ndi chala. Pa injini zambiri za 125cc ndi 150cc kamakhala pakati pa 0.05 ndi 0.10 mm, koma nambala yeniyeni ili m'buku la njinga yanu kapena pa kapepala komata pa fulemu. Kachitsulo koyezera kazidutsa mokhuza pang'ono, ndipo akamanga nati ayezenso, chifukwa pomanga kampata kamasuntha. Imani pomwepo muone. Musachedwe nayo ntchito imeneyi, achimwene, chifukwa vavu ya ku ekizozi imaziziritsidwa ndi kukhala pansi pa pokhalira pake. Ikamalephera kukhala imapsa m'mphepete, ndipo pamenepo ndiye kutsegula mutu wa injini, ndalama zambiri kuposa kabureta ndi CDI kuphatikiza.

Za pulagi sindichulukitsa, poti mwasintha kale kawiri. Kungoti onani mpata wake, pa njinga zambiri zotere ndi 0.6 mpaka 0.7 mm, ndipo nambala yake ikhale imene buku likunena. Mapulagi achinyengo okhala ndi dzina la kampani yotchuka ndi ambiri pamsika, ndiye mtengo ukatsika modabwitsa kayikirani. Poyesa moto, ikani pulagi m'chipewa chake, muigunditse pa chitsulo cha injini kutali ndi bowo lake, mumenye kiki. Moto ukhale wabuluu, wothetheka. Ukakhala wachikasu, wofooka, masulani chipewacho pa waya, mudule kansonga ka waya kamene kachita dzimbiri, mubwezeretse. Mame a usiku amalowa pamenepo, amalowanso mu switch yofiira ya pa handulo ndi ya pa sitandi, ndiye muziumitse. Pulagi zanu zakale musataye musanazione mtundu. Yakuda ndi mwaye ndiye kuti choke imakhalitsa kapena fyuluta ya mpweya yatsekeka ndi fumbi. Yoyera mbuu ndiye kuti mafuta akuchepa. Yakuda yonyowa ndi oyilo ndi nkhani ya maring'i a pa pisitoni.

Oyilo wa 20W-50 amene ambiri timathira amagwira ntchito pa kuzizira kwa kuno, koma 10W-40 amapepukitsa injini m'mawa, ngati buku lanu likulola. Nambala yoyambayo ndiyo imanena za kulimba kwa oyilo kukazizira. Akhale wa njinga zamoto, wolembedwa JASO MA, chifukwa oyilo wina wa galimoto amatereretsa kilatchi.

Zonse zikakonzeka, kalizidwe ka m'mawa kakhale kotere. Tsegulani kampopi ka mafuta, mudikire pang'ono kuti kakapu kadzadze. Kiyi isanayatsidwe, tsekani choke, mumenye kiki kawiri kapena katatu modekha kuti oyilo asunthe ndipo mafuta afike. Kenaka yatsani kiyi, magetsi akutsogolo ali ozima ngati njinga yanu imalola, mumenye kiki yamphamvu kuchokera pamwamba mpaka pansi, moto osaugwira. M'nyengo ino kuliza koyamba kuzikhala kwa kiki, sitata izigwira ntchito masana. Mukagwiritsa ntchito sitata, masekondi 5 okha, kenaka ipume masekondi 10. Ikalira, bwezani choke pakati, pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri muitsegule yonse, munyamuke modekha. Musaipatse moto wambiri ikadali yozizira, oyilo amakhala asanafike kumutu. Mukamva fungo la petulo koma osalira, yakhuta: tsegulani choke yonse, potokolani moto mpaka kumapeto, mumenye kiki kangapo kuti mpweya uumitse mkati. Madzulo muzithira mafuta musanakagone kuti thanki igone yodzadza, mutseke kampopi, mufunditse njinga ndi chinsalu chochindikala chofika pansi.

Chimene ndikupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musaike mbaula kapena moto wa mapepala pansi pa injini, monga amachitira madalaivala ena a malole a dizilo. Pa njinga, kabureta ndi paipi ya petulo zili pomwepo pamwamba pa motowo. Mukaganiza zoilowetsa m'nyumba, isagone chipinda chimodzi ndi mbaula, kandulo kapena sitovu ya parafini, ndipo musailizire mkati zitseko zili zotseka. Utsi wa ekizozi uli ndi mpweya wakupha umene sununkha, ndipo ana ndiwo amayamba kugwa nawo.

Ngati batire ili bwino, jeti yayera, matapeti asetedwa, koma kiki ikadali yofewa ndipo njinga ikukanabe, pamenepo ayeze kompuleshoni ndi geji, moto uli wotsegula mpaka kumapeto. Ikakhala kunsi kwa 100 psi, injini yotere imavuta kulira ikazizira. Athire oyilo pang'ono, kasupuni kakang'ono, pa bowo la pulagi, ayezenso. Nambala ikakwera kwambiri, maring'i atha. Ikapanda kusintha, vuto lili pa mavavu kapena pa gasiketi ya mutu. Makaniko akuonetseni nambala ziwirizo pa geji musanavomere kuti atsegule injini.